Kompyuta yoyamba ya magemu: ndalama zochepazi zipite pati?

Funso: "Ndimakhala ku Area 25, ndipo ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndidzimangire ndekha kompyuta ya magemu. Ndikufuna ndizisewera EA Sports FC, GTA V ndi Call of Duty. Mnyamata wina m'tauni wandiuza kuti ali ndi Core i7, RAM ya 32GB ndi graphics card ya 4GB, GT 730, ndipo akuti zimenezi ziseweretsa gemu iliyonse. Ndalama zanga zikungokwana zomwezo basi. Ndigule? Sikirini ndilibe, ndizigwiritsa ntchito TV ya pabalaza."

Yankho: Musagule, achimwene. Ndalamazo zibwerere kaye m'thumba.

Pa zinthu zitatu zimene wakutchulirani mnyamatayo, chimene chimasenza katundu wa gemu ndi graphics card, khadi lopanga zithunzi zimene mumaona pa sikirini, ndipo m'pomwe wakupatsani chofooka kwambiri. GT 730 inatuluka mu 2014, ndipo ngakhale nthawi imeneyo linali khadi la mu ofesi, loonerera mavidiyo ndi kulumikizira sikirini yachiwiri. 4GB imene akuitchula monyadirayo ndi kukula kwa malo amene khadi limasungamo zithunzi, si liwiro lake ayi. Kuika 4GB pa GT 730 kuli ngati kumangirira ngolo ya ng'ombe kumbuyo kwa njinga ya kabaza: poika katundu alipo ambiri, koma wopalasa ndi yemwe uja. A EA eni ake analemba kuti FC 24 imafuna GTX 1050 Ti kapena RX 570 pochepetsetsa, ndipo GT 730 siyandikirako n'komwe. Za Call of Duty ndiye tisakambe.

Nanga i7, yomwe ndi purosesa, ubongo wa kompyuta? Mufunseni nambala yonse. Dzina loti i7 lakhala likulembedwa pa mapurosesa a Intel kuyambira 2008, ndiye palokha silikuuzani kanthu. Manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndiwo amaonetsa m'badwo wake: i7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2012, i7-4790 ndi ya wachinayi, ya 2014, i3-12100F ndi ya m'badwo wa 12, ya 2022. Pa magemu, ka i3 ka 2022 kameneka kamaisiya kutali i7 ya 2014. Ma i7 otchipa ogulitsidwa pamodzi ndi GT 730 nthawi zambiri amakhala ochotsedwa m'makompyuta akale a m'maofesi, aja timati ex-UK. Ali ndi vuto linanso. Windows 11 imavomereza Intel kuyambira m'badwo wa 8 ndi Ryzen kuyambira gulu la 2000 kupita m'tsogolo, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Komanso magemu atsopano omenyana pa intaneti, monga Battlefield 6 ndi Call of Duty: Black Ops 7, amakana kutseguka ngati kompyuta ilibe zachitetezo zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot. RAM (posungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) ya 32GB ijanso pa makina a m'badwo wachitatu kapena wachinayi imakhala ya mtundu wakale wa DDR3, yomwe simungadzaisamutsire pa motherboard yatsopano, bodi imene zida zonse zimalumikizidwapo. Mukhala mwakwirira ndalama.

Mitengo ya kwacha sindiilemba pano, chifukwa zida zimenezi zonse zimachokera kunja ndipo zimatsata dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwamva Lolemba sufika Loweruka. Chimene sichisintha ndi kagawidwe kake. Ine ndimati pa K100 iliyonse imene muli nayo, pafupifupi K40 ipite ku graphics card, K30 ku purosesa, motherboard ndi RAM pamodzi, K15 ku power supply (chogawira magetsi ku zida zonse) ndi zotetezera magetsi, yotsalayo igule SSD (posungira Windows ndi magemu) ndi kesi (bokosi la kompyuta). Ambiri amayambira kumchira. Amagula purosesa yodula, kesi yagalasi ndi mafani owala mitundumitundu, ndiye khadi ndi power supply amakagula ndi tindalama totsala.

Pa TV kapena sikirini ya 1080p, khadi limene ndimalozera anthu kawirikawiri ndi Radeon RX 6600 la 8GB. Linatuluka mu 2021, limadya mawati 132 okha, limafuna chingwe chimodzi cha 8-pin, ndipo magemu atatu mwatchulawo limawayendetsa popanda kudodoma. Likakukanikani mtengo, pali GTX 1660 Super la 6GB, la 2019, lodya mawati 125. FC ndi GTA V ziyenda bwino, Call of Duty mungotsitsako ma settings. Mukapeza RTX 3060 la 12GB kapena RTX 4060 pa mtengo woyandikana ndi RX 6600, tengani osachedwa, ngakhale mwayi wotere subwera kawirikawiri. Limene ndikukuletsani ndi RX 6500 XT. Dzina lake limamveka ngati m'bale wake wa 6600, koma lili ndi 4GB yokha ndipo limalumikizana ndi motherboard pa njira zinayi zokha, ndiye pa bodi yokhala ndi polowera khadi pa mtundu wakale wa PCIe 3.0 limatsamwa.

Ndiye pali RX 580 la 8GB, lomwe mulipeza paliponse pa mtengo wokopa. Linali khadi labwino pa nthawi yake, mu 2017, ndipo mpaka lero FC limaseweretsa. Koma dziwani kumene ambiri achokera. Anthu ankawagula mazanamazana n'kuwayatsa usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti za Ethereum. Mu Sepitembala 2022 Ethereum inasintha kachitidwe kake, kukumba ndi makhadi kunatha, ndipo makhadi otopawo anakhuthukira pa msika wa dziko lonse. Ena anatsukidwa, kuvekedwa mafani atsopano n'kuikidwa m'bokosi lokongola. Ambiri amene amagulitsidwa pa AliExpress ndi olembedwa 2048SP, omwe mphamvu yake ndi ya RX 570, osati 580 yeniyeni. Kuwonjezera apo RX 580 lenileni limadya mawati 185. Mukaligula, ligulidwe motchipa kwenikweni, ndipo mukudziwa chimene mwagula.

Kugula khadi logwiritsidwapo kale ntchito si tchimo. Kwa ife kuno nthawi zambiri ndiyo njira yokhayo. Tchimo ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanalione likugwira ntchito. Pitani komweko ndi flash yokhala ndi mapulogalamu awiri aulere, GPU-Z ndi FurMark. GPU-Z ikuuzani dzina lenileni la khadi, ndipo makhadi ambiri achinyengo imawalemba kuti FAKE. Alipo ma GTX 1050 Ti amene m'kati mwake ndi GTS 450 ya 2010 yosinthidwa dzina. Kenako yatsani FurMark kwa mphindi 15 kapena 20 muli pomwepo. Yang'anani ngati mafani onse akuzungulira popanda kukhwekhwereza, ngati kutentha sikukupyola madigiri 85, ndiponso ngati pa sikirini sipakuoneka timadontho, timizere kapena kuthwanima. Mukatha muikemo gemu yeniyeni. Wogulitsa akayamba zoti magetsi kulibe, kapena ali pachangu, kapena "ingotengani, likavuta mubweza," m'siyeni ndi khadi lake.

Purosesa sivuta kusankha. Pali njira ziwiri zotchipa. Ya AMD ndi Ryzen 5 5600, ya ma core 6, pa motherboard ya B450 kapena B550. Ya Intel ndi i3-12100F, kapena i5-12400F ngati thumba lalola, pa bodi ya H610 kapena B660. Zonsezi zikagulidwa m'bokosi lake zimabwera ndi fani yoziziritsa, ndipo faniyo ndi yokwana. Musawononge ndalama pa zoziziritsa zamadzi. Ine ndimapendekera ku Ryzen 5 5600, chifukwa soketi yake ya AM4 yakhalapo kuyambira 2016, ndiye mabodi ake ogwiritsidwapo kale ntchito sasowa. Chenjezo n'lakuti B450 yakale imafuna BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa bodi) yatsopano kuti iizindikire 5600, choncho funsani wogulitsa akuonetseni zikuyaka pamodzi. Ku Intel chenjerani pena: mabodi a soketi ya LGA1700 alipo a DDR4, alipo a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina silowa pa unzake. Musanalipire, penyetsetsani timapini. Pa Ryzen ya AM4 tili pansi pa purosesa, pa Intel tili m'soketi ya bodi. Kamodzi kokha kopindika kangathe kuletsa kompyuta yonse kuyaka.

Mudzaonanso mitolo yotchipa ya purosesa ya Xeon, bodi ya X79 kapena X99 ndi RAM yambiri. Ndi zida za maseva akale pa mabodi opangidwa ndi tizidutswa tochotsedwa kwina. Kwa munthu wokonda kusewera ndi zida n'zosangalatsa, koma kompyuta yoyamba ayi.

RAM ikhale 16GB, DDR4-3200, koma timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Tiwiri timagwira ntchito mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo kusiyana kwake kumaoneka m'gemu. Kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani a AI ankagula zochuluka, ndiye 32GB isakusowetseni tulo. RAM ndi chimodzi mwa zida zimene sizifafa wamba, yakale ingakuthandizeni, bola muiyese ndi MemTest86.

Tsopano tifike pa nkhani imene anyamata a pa YouTube a ku America saikamba, chifukwa kwawo magetsi sathimathima. Makompyuta ambiri amene ndimaona atafa mu Lilongwe muno sanafe ndi ukalamba. Anaphedwa ndi magetsi, ndipo khomo limene magetsiwo analowera ndi power supply yotchipa. Ija imabwera kale m'kesi, yopepuka, yolembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu koma yopanda dzina lodziwika, ichotseni. Ikapsa siipsa yokha, imatenga ndi bodi, nthawi zina ndi khadi lomwe. Gulani yatsopano, ya 550W kapena 650W, ya 80 Plus Bronze, ya makampani ngati Corsair, Seasonic, Cooler Master kapena MSI. Pa chida ichi chokha ndimakana zakale. Njira yodziwira yabodza ndi kuwerenga kapepala ka m'mbali: pezani mzere wa +12V, muchulukitse ma ampu ndi 12. Ikalembedwa 45A ndiye kuti ndi mawati 540, yabwino. Ikalembedwa 18A ndi mawati 216 basi, ngakhale pabokosi atalemba 500.

Magetsi a ESCOM ndi 230V. Ma power supply amakono amadzisinthira okha, koma mukakumana ndi yakale yokhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, onetsetsani kuti kali pa 230. Kakakhala pa 115, mungomva kuphulika ndi fungo.

Kuthima kwa magetsi kumaononga mafayilo, ndipo kukachitika BIOS ili m'kati mosinthidwa kungathe kupha bodi. Koma choopsa kwambiri ndi kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kudumpha kapena kubwera yochepa. Chotchipa chimene mungachite ndi kugula kachipangizo kaja timaika pa firiji, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola n'kudikira kaye asanalowenso. Chabwino koposa ndi UPS, bokosi la batire limene limapatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima. Apa pali msampha wa manambala: UPS imalembedwa mu VA, osati mawati, ndipo ya 650VA imapereka mawati 360 mpaka 390 okha. Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 zili pa gemu zimakoka mawati pafupifupi 250, kuwonjezerapo TV. Ndiye 650VA ili pa malire. Yang'anani ya 1000VA kupita m'mwamba. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge gemu n'kuzimitsa bwino, osati kumaliza ligi. Batire lake limatha pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo limasinthika.

Ngati kwanu muli ndi sola ndi inveta, funsani ngati ili pure sine wave. Ma power supply abwino ena sagwirizana ndi inveta ya modified sine wave; amalira kapena kungozima. Kajenereta kakang'ono ka petulo musakalumikize ku kompyuta popanda chotetezera pakati. Palinso nkhani ya waya wa earth, womwe m'nyumba zina za lendi kulibe kapena unaduka kalekale. Mukakhudza kesi n'kumva kanyerenyesi ka shoko, itanani wamagetsi. Popanda earth, ekisitenshoni yoteteza ku surge siiteteza mokwanira. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kukayamba ziphaliwali zulani pulagi kukhoma, ndi chingwe cha intaneti chomwe. Kuzimitsa pa switchi pokha sikukwanira.

Poti mayunitsi mumagula nokha, werengani izi: kompyuta ndi TV zokoka mawati 300 kwa maola anayi zimadya yunitsi 1.2, pa mwezi mayunitsi 36. N'chifukwa chake kusiyana kwa mawati 132 a RX 6600 ndi 185 a RX 580 kuja si nkhani yachabe.

SSD ikhale ya NVMe, 1TB ngati n'kotheka. FC 24 yokha imapempha 100GB, GTA V nayo ili chakomweko, Call of Duty ndiye imapyola. Ya 500GB idzadza ndi magemu atatu omwewo. Hard disk yakale isungire mafilimu, osati Windows. SSD yakale muiyese ndi CrystalDiskInfo, ndipo ya dzina losadziwika yolembedwa 2TB pa mtengo wa flash ithaweni.

Ma gigabayiti amenewa atikumbutsa ndalama ina imene ambiri saiwerengera: bandulo. Kudawuniloda 100GB pa Airtel kapena TNM si masewera. Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imalola kukopera mafayilo a gemu kuchokera kwa mnzanu pa hard disk, bola gemuyo mwaigula pa akaunti yanu. Imangoyang'ana mafayilowo n'kudawuniloda zosowa zokha. Mu Windows ikani intaneti yanu pa metered connection, apo ayi mudzadzuka bandulo itatha ndi ma update. Mabodi otchipa ambiri alibe Wi-Fi, koma foni yolumikiza ndi chingwe cha USB imagwira. Starlink ilipo m'Malawi kuyambira 2023 kwa amene angakwanitse. Pa magemu a pa intaneti sankhani maseva a ku South Africa pomwe alipo. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 ali nawo ku Johannesburg. Khadi lodula silichepetsa ping, kuchedwa kwa uthenga pakati pa inu ndi seva. Magemu okhadzula aja amakopetsa m'tauni amabwera ndi mavairasi, ena mwa iwo okumba ndalama za eni ake ndi khadi lanu ndi mayunitsi anu.

Kesi gulani yotchipa koma yopuma: kutsogolo kukhale kwa sefa, osati galasi lotseka. Yesani kutalika kwa khadi musanagule kuti lidzalowe. Fumbi la Lilongwe kuyambira Julayi mpaka mvula itagwa mukulidziwa, ndipo limakumana ndi kutentha kwa Okutobala. Kesi isakhale pansi, ikhale patebulo. Mafani olowetsa mpweya kutsogolo achuluke kuposa otulutsa, kuti fumbi lisamalowere m'ming'alu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu itulutseni panja muipemerere ndi blower mutagwira mafani kuti asazungulire.

Kogula. Zolemera, monga kesi, UPS ndi sikirini, gulani konkuno. Kunyamula kuchokera kunja kumadya phindu lonse. Zazing'ono, purosesa, RAM ndi SSD, zimakwana m'chikwama cha m'manja cha m'bale wochokera ku Joni. Mitengo ya ku South Africa mungaione pa Wootware, Evetech kapena Takealot, ndipo ngakhale musagule kumeneko ikuthandizani kudziwa ngati wa m'tauni akukudyerani masuku pamutu. Powerengera muikepo ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA pa Dedza, pa Mwanza kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, komanso mukumbuke kuti waranti ya ku Johannesburg imagwira ntchito ku Johannesburg komweko. Chinthu chikafa chiyenera kukwera basi kubwerera. Wogulitsa wa konkuno wopereka risiti ndi waranti yolembedwa, ngakhale ya mwezi umodzi, nthawi zina ndi wotchipa kuposa momwe akuonekera. Khadi likamabwera pa basi libwere m'bokosi lake, osati litamangidwa kale m'kesi, chifukwa mabampu amathyola polowera pake. Power supply ya ku South Africa ibwera ndi pulagi ya mano obulungira. Chingwe chake n'chija ambiri amati cha ketulo, mungosintha ndi cha mano atatu athu. Zonse musanagule zilembeni pa webusaiti ya PCPartPicker, ikuuzani ngati pali zosagwirizana.

Ndikudziwa kuti kwacha imakankha munthu kugula chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi ndalama isanathe mphamvu. Pa kesi, power supply ndi SSD zatsopano, chitani zimenezo. Koma purosesa, bodi ndi RAM zigulidwe sabata imodzi, ndipo khadi lakale ligulidwe muli ndi poliyesera. Bodi imene yagona m'kabati miyezi isanu n'kupezeka yakufa, palibe amene adzailandirenso.

Ngati ndalama sizikufika pa khadi labwino pano, pali njira yapakati. Ryzen 5 5600G ili ndi magrafikisi ake m'kati, ndiye kompyuta imayaka popanda khadi. Muzisewera eFootball, Valorant, Dota 2 ndi GTA V pa ma settings otsika kwinaku mukusunga ya RX 6600. FC yatsopano ivutika, Call of Duty nayonso. Khadi likadzabwera, 5600G idzatsalira pang'ono kumbuyo kwa 5600 chifukwa cache yake (posungira pachangu pa m'kati mwa purosesa) ndi 16MB pomwe inayo ndi 32MB, koma magrafikisi ake okhawo amaiposa GT 730 imene mumafuna kulipira. Musasokoneze: 5600 yopanda G ndi Intel iliyonse yothera ndi F sizionetsa chithunzi popanda khadi. Ndipo musamange kompyuta poyembekezera GTA VI. Rockstar inailengeza pa PlayStation 5 ndi Xbox Series, ndipo GTA V inatuluka pa makonsolo mu 2013 koma pa kompyuta inafika mu 2015.

TV ya pabalaza ikuthandizani poyambira, makamaka pa FC ndi padi m'manja. Ma TV ambiri amathera pa 60Hz ndipo amachedwetsa chithunzi pochikongoletsa, ndiye fufuzani Game Mode muiyatse. Pa Call of Duty mudzafuna sikirini ya mainchesi 24, 1080p, ya 144Hz, koma imeneyo idikire, pokhapokha ngati nkhondo ya rimoti ndi a pabanja yakula.

Tsiku lomanga, yesani purosesa, RAM, khadi ndi power supply bodi ili pamwamba pa katoni yake musanaimange m'kesi. RAM ilowe pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa ngati bodi ili ndi malo anayi, ndipo ikankheni mpaka imveke kuti tha. Ngati muli ndi khadi, chingwe cha HDMI chilowe pa khadilo, osati pa motherboard. Ambiri amene amandiimbira kuti kompyuta yayaka koma sikirini ndi yakuda, vuto limakhala limeneli. Ikayaka lowani mu BIOS muyatse XMP, yomwe pa mabodi a ASUS a AMD imalembedwa DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 iziyenda pa 2133 kapena 2400. Muli momwemo yatsaninso TPM, yolembedwa fTPM pa AMD ndi PTT pa Intel, ndi Secure Boot, musanaike Windows 11.